Sitima Ziwiri Zankhondo za pa Nyanja ya Malawi: Guendolen ndi Hermann von Wissmann

Pakati pa 1893 ndi 1915, mphamvu za maboma awiri a atsamunda pa Nyanja ya Malawi, yomwe Azungu ankaitcha Nyasa, zinkaonekera kwambiri m'sitima ziwiri zachitsulo zoyendera nthunzi, ina ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ndipo ina ya Angelezi yotchedwa Guendolen. Mabuku ambiri amazikumbukira chifukwa cha tsiku limodzi la mu Ogasiti 1914, pamene ina inawombera inzake nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyambika, koma munthu akaziika pamodzi n'kuyang'ana amene analipira ndalama zake, njira imene zitsulo zake zinadzera kuchokera kunyanja yamchere, ndiponso ntchito imene iliyonse inakonzedwera, amaona kuti chinapambanitsa Angelezi si kukula kwa mzinga ayi, koma lamya yochokera ku Zomba ndi kuchuluka kwa katundu ndi anthu amene sitima yawo inkanyamula. Amaonanso kuti kuyambira pamene zitsulo zinatsitsidwa padoko mpaka pamene nkhondo inatha, mtolo wonse unali pamitu ndi pamapewa a anthu a dziko lino.

Zaka zimenezo zinali zaka za mpikisano waukulu pa kapangidwe ka sitima zankhondo, ndipo chitsanzo chodziwika bwino ndi cha sitima zoyenda pansi pa madzi. Dziko la America linayamba kugwiritsa ntchito yake yoyamba yamakono, USS Holland, mu 1900, ndipo inali yaifupi, ya mamita 16 okha, ya khoma limodzi lachitsulo, yoyendera injini ya petulo ikakhala pamwamba pa madzi ndi mabatire ikamira. Ajeremani anachedwerapo mpaka 1906, pamene anatulutsa U-1 ku Kiel, yotalika mamita 42, ya makoma awiri, ndipo m'malo mwa petulo, amene mpweya wake umagwira moto msanga m'malo otsekeka, anasankha injini za palafini. Kusiyana kumeneku kunkachokera pa zimene dziko lililonse linkaopa ndi zimene linkafuna, ndipo lamulo lomwelo linagwiranso ntchito pa Nyanja ya Malawi, kungoti kuno wopanga sitima ankayenera kuyamba wayankha funso limene anzake a ku Kiel ndi ku America sanakumane nalo, loti sitimayo ikafika bwanji pamadzi amene ali mkati mwenimweni mwa Africa.

Chimene chinachititsa kuti panyanjapa pafunike sitima zankhondo chinali mapangano awiri a mu 1890. Pangano la Heligoland ndi Zanzibar, lomwe Britain ndi Germany anasainirana pa 1 Julayi chaka chimenecho, linaika malire a dziko lolamulidwa ndi Ajeremani m'mbali mwa gombe la kumpoto chakum'mawa mpaka pa mtsinje wa Songwe, pamene pangano la ku Brussels linalamula maiko a ku Ulaya kuti aletse malonda a akapolo, ndipo mwa njira zina linatchula zoika sitima zanthunzi panyanja ndi m'mitsinje ya mkati mwa Africa. Mu 1891 Harry Johnston anakhazikitsa likulu la boma latsopano la Angelezi ku Zomba, m'nyumba imene abale a banja la Buchanan anamangira kazembe Hawes pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, nyumba yomwe pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola. Kuchokera patsinde pa phiri pamenepo boma linkalamula dziko limene msewu wake waukulu unali nyanja, komabe panyanjapo linalibe sitima yakeyake. Eni ake a madziwo anali Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira, amene anali ndi zombo zamatabwa zoyendera matanga, zowolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Kufooka kwa boma kunaonekera poyera mu Disembala 1891, pamene Kaputeni Cecil Maguire anapita kukaononga zombo za Makanjira atakwera Domira, sitima yamalonda ya kampani ya African Lakes, ndipo anaphedwa komweko sitimayo itatitimira mumchenga.

Njira ya pamadzi yochokera kunyanja yamchere inkayambira ku Chinde, pamene Zambezi amathira, n'kukwera mtsinje wa Shire mpaka ku Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndipo pamenepo inkaduka chifukwa cha mathithi amene Livingstone anawatcha Murchison, omwe ena mwa iwo ndi Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula. Kuchokera ku Katunga katundu yense ankakwera mapiri kudzera ku Blantyre n'kutsikira ku Matope kapena ku Mpimbi, pa ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo popeza ng'ombe ndi akavalo sizinkakhalitsa m'madera a kashembe, chonyamulira chodalirika chinali mutu wa munthu. Motero sitima iliyonse yopita kunyanja inkamangidwa kawiri. Amisiri a ku Ulaya ankaimanga yonse ndi mabawuti osakhalitsa, kulemba nambala pa chitsulo chilichonse, kenako n'kuimasula ndi kuilongedza m'mitolo ya makilogalamu pafupifupi 25, womwe unali muyezo wa katundu wa wamtengatenga mmodzi, kuti ikalumikizidwenso ndi misomali yotentha pagombe la kuno. Njira imeneyi inayamba ndi Ilala yoyamba, ya mishoni ya Livingstonia, imene inanyamulidwa ndi anthu mazana ambiri n'kulowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Chovuta kwambiri chinali boila, thanki yaikulu yowiritsira madzi kuti apereke nthunzi, chifukwa sinkatheka kuigawa tizidutswa popanda kuifooketsa, ndipo boila ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, yolemera matani 11, inachita kukokedwa pangolo ndi Angoni okwana 450.

Hermann von Wissmann inatenga dzina la msilikali wachijeremani amene anathetsa mwankhanza kuukira kwa Abushiri kugombe la East Africa, ndipo ndi iye yemweyo amene anayendayenda m'dziko la kwawo kupempha ndalama zoimangira. Inamangidwa ku Hamburg ndi kampani ya Janssen & Schmilinsky, ndipo ndalama zoitumizira zinachokera ku lotale yothandizira ntchito yoletsa ukapolo, osati m'thumba la boma. Chiyambi chimenechi chinaonekera m'maonekedwe ake, chifukwa inali yaing'ono, ya mamita pafupifupi 26 ndi matani osapitirira 100, yokhala ndi mzinga wopepuka wokwanira kuimitsa chombo chamatanga, ndiponso siinakonzedwere nyanja ino, popeza poyamba inkayenera kupita ku Nyanja ya Victoria. Mapulaniwo atalephereka chifukwa cha kusowa kwa anthu onyamula pa njira ya pamtunda, zitsulo zake zinadzera ku Chinde mu 1892, ndipo zinalumikizidwa ku Mpimbi, doko la m'mbali mwa Shire kuseri kwa phiri la Zomba, lomwe linali khomo la likulu la Angelezi lolowera kunyanja. Inayandama mu 1893 ndipo woyendetsa wake woyamba anali Kaputeni Max Prager, pamene Wissmann mwiniwake anakhazikitsa boma la Langenburg kumpoto kwa nyanja, m'tsinde mwa mapiri a Livingstone.

M'zaka zoyambirirazo maboma awiriwa sankaonana ngati adani, chifukwa onse ankalimbana ndi mafumu amodzimodzi. Mu 1893, pamene Johnston anapanikizidwa ndi ankhondo a Mfumu Liwonde m'mbali mwa Shire, gulu la Ajeremani la ku Mpimbi, motsogozedwa ndi Baron von Eltz, linabwera kudzamuthandiza ndi asilikali a ku Sudan. Chaka chomwecho Angelezi analowetsa m'nyanja sitima ziwiri zazing'ono zankhondo, Pioneer ndi Adventure, zomwe zinkatha kuthamangitsa zombo koma sizinkanyamula asilikali ambiri, kotero kuti mu 1895, pokonzekera kukathira nkhondo Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, boma la ku Zomba linachita kubwereka Hermann von Wissmann kuti ithandize kunyamula asilikali. Mlozi anagonjetsedwa n'kunyongedwa mu Disembala chaka chimenecho, koma phunziro linatsala n'lakuti boma lolamulira gombe lotalika makilomita oposa 500 silingamadalire sitima yobwereka kwa mnansi.

Guendolen inali yankho la phunziro limeneli. Inamangidwa ndi kampani ya G. Rennie ku Greenwich, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, mu 1897, chaka chomwe USS Holland inaikidwa pamadzi, ndipo italumikizidwa ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, inayamba ntchito mu 1899. Dzina lake linachokera kwa mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo. Inali yotalika mamita pafupifupi 41 ndi yolemera matani pafupifupi 350, kutanthauza kuti inkaposa inzake ya Ajeremani koposa katatu, ndipo ngakhale inkatchedwa sitima yankhondo, ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kunyamula makalata, ma DC opita kumaboma a kumpoto, asilikali, ndalama za msonkho ndi katundu wa boma pakati pa Fort Johnston, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga. Ajeremani anamanga sitima yoti ionetse mbendera ndi kugwira zombo, pamene Angelezi anamanga sitima yoti isamutse gulu lonse la asilikali kuchoka kum'mwera kufika kumpoto m'masiku owerengeka, ndipo apa ndi pamene panali kusiyana kwenikweni kwa sitima ziwirizi.

Nyanja yomweyo inaikanso malamulo ake pa kapangidwe. Sitima za mumtsinje monga Herald ndi Mosquito, zomwe Angelezi anaziika pa Zambezi ndi Shire mu 1890, zinali zophwatalala pansi ndi zoyendera gudumu lakumbuyo kuti zisakhudze mchenga, koma sitima yotero singapirire mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imaomba m'miyezi yozizira n'kuutsa mafunde aafupi ndi aatali msinkhu. Sitima ya panyanja inkayenera kumira ndithu m'madzi kuti ikhazikike, ndipo pamenepa kukula kwa Guendolen kunkaipatsa mwayi woyenda nthawi imene yaing'ono ikanabisala padoko. Kuopsa kwa kulakwitsa muyezo umenewu kunadzaoneka pa 30 Julayi 1946, pamene Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Komabe kumira kwambiri kunalinso ndi vuto lake, chifukwa madzi a m'nyanja anatsika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanja cha m'ma 1915, ndipo sitima zikuluzikulu zinkakanika kudutsa mchenga wa pakamwa pa mtsinje. Pa nkhani ya moto sitima zonse ziwiri zinali zofanana, popeza malasha kunalibe ndipo maboila ankadya nkhuni, zomwe anthu a m'midzi ya m'gombe ankadula n'kuunjika pamalo oikika. Osonkhezera moto, oyang'anira mafuta a injini, ogwira chiwongolero ndi opalasa mabwato otsitsira katundu ambiri anali anthu akuda, makamaka Atonga, Anyanja ndi Ayao, ndipo msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu, umene boma linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, ndi umene unkakankhira ambiri ku ntchito zoterezi ndi ku umtengatenga.

Britain atalengeza nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914, uthenga unafika ku Zomba pa lamya ya telegalafu, njira yotumizira mawu pa waya mwa zizindikiro zamagetsi, yomwe kampani ya Cecil Rhodes inali itaidutsitsa m'dziko muno mpaka ku Karonga m'zaka za m'ma 1890. Bwanamkubwa Sir George Smith anaona msanga kuti asilikali a King's African Rifles, omwe likulu lawo linali ku Zomba, sangafike kumalire a Songwe mwa njira ina koma panyanja, ndi kuti sitima zamalonda ndi zamishoni zowanyamula zinalibe chodzitetezera, moti mzinga umodzi wa Hermann von Wissmann ukanatha kuzimiza zonse. Analamula Kaputeni Edmund Rhoades wa Guendolen kuti aifunefune sitimayo n'kuithetsa mphamvu. M'katikati mwa Ogasiti, Rhoades anawoloka usiku kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo m'bandakucha anaipeza ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Rhoades atawombera kangapo ndi mzinga wa Hotchkiss, Kaputeni Berndt wa sitima ya Ajeremaniyo, amene anali bwenzi lake lakale ndipo sanadziwe kuti nkhondo yayamba, anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo anagwidwa ukaidi pomwepo. Angelezi anachotsa mzinga ndi zitsulo zofunika za injini n'kubwerera. Nkhani imeneyi, yomwe Dr G. M. Sanderson amene analipo anadzailemba m'magazini ya Nyasaland Journal, nthawi zambiri imatchulidwa kuti inali nkhondo yoyamba ya pamadzi mu 1914, ngakhale kuti pa 5 Ogasiti sitima za Britain zinali zitamiza kale Königin Luise ku North Sea. Choonadi chosatsutsika n'chakuti sitima ziwirizi sizinalimbane ngati zofanana, chifukwa ina inali ndi uthenga pamene ina inalibe, ndipo ina inali pamadzi pamene ina inali pamtunda.

Phindu la m'mawa umenewo linaoneka pasanathe mwezi. Asilikali a ku Zomba anayenda mpaka ku Fort Johnston, n'kukwera Guendolen ndi sitima zina zimene boma linalanda kwa amalonda ndi amishoni, kuphatikizapo Chauncy Maples, ndipo anafika ku Karonga Ajeremani asanawoloke Songwe ndi gulu lalikulu. Pa 9 Seputembala 1914 magulu awiriwa anamenyana ku Karonga ndi m'madera oyandikana nawo, Ajeremani anabwezedwa, ndipo ambiri mwa ofa mbali zonse ziwiri anali asilikali akuda. Poopa kuti Hermann von Wissmann ingakonzedwenso, Angelezi anabwerera ku Sphinxhaven pa 30 Meyi 1915 motsogozedwa ndi Lieutenant-Commander Dennistoun, n'kuphulitsa thupi la sitimayo ndi mabomba. Kuyambira pamenepo nyanja yonse inali m'manja mwawo, ndipo mu 1916 General Edward Northey anaigwiritsa ntchito ngati msewu waukulu wodzera chakudya, zipolopolo ndi anthu polowa m'dziko la Ajeremani.

Kwa anthu a ku Nyasaland, lomwe linali dzina la Malawi panthawiyo, kupambana kumeneku kunatsegula njira yowatengera ku mavuto amene makolo anawatcha nkhondo ya Chiwaya. Sitima inkafikitsa katundu padoko basi, ndipo kuchokera apo ankamusenza ndi anthu, kukwera naye mapiri a Livingstone ndi kulowa naye m'nkhalango za kum'mwera kwa Tanganyika ndi kumpoto kwa Mozambique. Kafukufuku wa Melvin Page, wolemba buku la The Chiwaya War, amasonyeza kuti amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya umtengatenga ndipo ena pafupifupi 19,000 analowa usilikali, m'dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri anagwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu, ndipo njala, kamwazi ndi chibayo zinapha ochuluka kuposa amene anafa ndi zipolopolo. John Chilembwe anaziona zimenezi zikungoyamba, ndipo mu Novembala 1914, imfa za ku Karonga zitamveka, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza, ndipo kudandaula kumeneko kunali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwake kwa pa 23 Januwale 1915.

Mapeto a sitima ziwirizi anasonyeza kulimba kwa ntchito ya amisiri amene anazilumikiza. Hermann von Wissmann, ngakhale inaphulitsidwa, inakonzedwanso ndi Angelezi n'kupatsidwa dzina loti King George, ndipo inapitiriza kunyamula katundu panyanja yomweyo nkhondo itatha, dziko la Ajeremani litasanduka Tanganyika. Guendolen inatumikira boma mpaka mu 1940, kenako inaphwasulidwa, ndipo mzinga wake wa Hotchkiss unaikidwa ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pamene nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum m'tauni yomweyo ili ndi chifaniziro cha chipinda cha woyendetsa wake. Ku Zomba, chipilala cha njerwa cha King's African Rifles chimasunga maina a asilikali amene anafa, koma zolemba zambiri za boma za zaka zimenezo zinapsa pa moto umene unatentha maofesi a Secretariat mu 1919. Ngakhale mzere wa malire wa mu 1890, umene sitimazi zinabwera kudzaulondera, ukadali nkhani ya lero, chifukwa ndi pa pangano lomwelo pamene Malawi amatsamira pa mkangano wake ndi Tanzania wokhudza umwini wa kumpoto kwa nyanja, womwe unabukanso mu 2012.

Kuyerekeza Guendolen ndi Hermann von Wissmann kumaphunzitsa kuti chida chankhondo sichiyesedwa ndi zitsulo zake zokha, koma ndi dongosolo lonse limene chaikidwamo. Sitima ya Ajeremani inali yolimba ndipo inagwira ntchito zaka zambiri, koma inali yokhayokha, yomangidwa ndi ndalama za zopereka, pamalire akutali a dziko limene likulu lake linali ku Dar es Salaam, pamene ya Angelezi inali ndi lamya, malo okonzera sitima ku Fort Johnston, sitima zinzake zamalonda ndi zamishoni, ndiponso likulu la boma loyandikira limene nyanja inali moyo wake. Pansi pa dongosolo limeneli panali msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza, zomwe zinapereka onyamula zitsulo mu 1892 ndi 1898, odula nkhuni m'zaka za mtendere, ndi amtengatenga m'zaka za nkhondo. N'chifukwa chake mbiri ya sitimazi iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu za Malawi ngati gawo la mbiri ya ntchito ndi ya misonkho m'dziko lino, kuti wophunzira akamva maina a Rhoades ndi Berndt adziwenso kuti sitima zawo sizikanafika panyanja, sizikanayenda ndipo sizikanapindulira boma lililonse pakanapanda anthu a ku Chikwawa, Zomba, Mangochi, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga.